Ndisiye za makompyuta ndikawete nkhuku?

Achimwene ena andilembera imelo, akuti agwira za IT zaka 13 ku Blantyre, atopa ndi kudzutsidwa pakati pa usiku kuti seva, kompyuta yaikulu ya kuntchito, yagwa, ndiye akufuna kusiya ntchito akawete nkhuku kwawo ku Thyolo. Akufunsa kuti asiye kapena apirire.

Achimwene, kutopako ndikukudziwa, nanenso ndinachoka komweko. Koma kalata yosiyira ntchitoyo isungeni kaye, nkhukuzo yambani salale ikadalowa.

Ine chinandipweteka si ntchito yamanja ayi. Zaka zonsezo ndinazolowera kuti ikafika pa 25 foni ilira, ndalama yalowa, koma nkhuku sizidziwa za pa 25. Ndinayamba ndi anapiye 300 a ma broiler mu June kukuzizira, magetsi azima, 2 koloko usiku ine ndili m'khola kukoleza mbaula kuti asaunjikane pakona n'kupondana. Zimenezo ndinapirira. Mavuto anabwera sabata ya 6, nkhuku zakula bwinobwino koma wogula ndilibe, tsiku lililonse zikungodya phindu langa ine ndikuonerera, mapeto ake ndinapereka pangongole kwa a lesitilanti ena omwe anandilipira modontheza miyezi itatu. Ndiye musanagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe, yendani ku Bvumbwe ndi ku Limbe mudziwe amene adzatenge, zingati, pamtengo wanji.

Komanso kumbukirani November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, chakudya cha nkhuku ndi mankhwala zinakwera nthawi yomweyo, pomwe kasitomala amafunabe mtengo wakale. Chinandipulumutsa ine ndi timaganyu tokonza netiweki m'maofesi ang'onoang'ono, ndiye laputopu musagulitse, manambala a makasitomala musafufute, ndipo penshoni yanu isakalowe m'khola chonde.

Zaka 13 zija sizinapite pachabe. Inu mumatha kulemba chilichonse mu Excel, pulogalamu yowerengetsera ija: thumba lililonse la chakudya, katemera wa chitopa ndi gumboro, makala, zomwe zafa, mpaka mudziwe kuti nkhuku imodzi yakudyerani zingati. Alimi ambiri apa ndi pomwe amangoyerekeza.

Pezani mnyamata wokhulupirika azisamala nkhukuzo, muzipita Loweruka lililonse, muwete maulendo atatu. Mukatero khalani pansi ndi alamu anga muone limodzi ngati zikukwana fizi ndi lendi, manambalawo munditumizirenso tione.