Kodi Koko ankalankhuladi ndi manja?

Mwafunsa ngati gorila wotchedwa Koko ankadziwadi chinenero chamanja. Zizindikiro ankazigwiritsa ntchito ndithu, koma kunena kuti ankadziwa chinenero n'kukokomeza.

Koko anabadwa mu 1971 ku San Francisco Zoo, ndipo wofufuza wina, Francine Patterson, anayamba kumuphunzitsa mu 1972. Pophunzitsa, munthu amagwira manja a nyaniyo n'kuwapinda mmene chizindikiro chimakhalira, akachita bwino n'kumupatsa chakudya. Patterson ankati Koko anadziwa zizindikiro zoposa 1,000, koma womasulira nthawi zambiri anali iye yemweyo, ndipo apa m'pamene pagona vuto.

Wofufuza winanso, Herbert Terrace wa ku Columbia University, anaphunzitsa chimpanzi wotchedwa Nim zizindikiro pafupifupi 125. Atayang'anitsitsa mavidiyo, anapeza kuti kawirikawiri Nim ankangotsanzira zimene mphunzitsi wachita kumene, pofuna chakudya kapena kusewera naye. Ziganizo zake zinkatalika pongobwereza zizindikiro zomwezo. Terrace anasindikiza zimenezi mu 1979.

Umboni wolimbako woti nyani angamve chinenero ndi wa Kanzi, bonobo (nyani wofanana ndi chimpanzi) amene ankaloza zizindikiro pa bolodi. Pomuyesa, wolankhula ankabisa nkhope kuti asamuthandize ndi maso, komabe Kanzi ankamva malangizo ambiri amene anali asanawamvepo.