Za kusintha shawa: samalani kapaipi kolowa m'khomako

Achemwali, funso lanu la giza ndisiyira ena, ine ndiyankhe la shawa yomwe mukuti ikumwaza madzi mbali zonse komanso kudontha pakhosi, pomwe imalumikizana ndi kapaipi. Awo akuti itanani pulambala msanga mwina sanaionepo ntchito yake, imeneyi mutha kupanga nokha bola mukhale ndi sipanala, kansanza ndi tepi yoyera ija ya mapaipi.

Koma musanathamangire kogula, kumwaza madziko nthawi zambiri kumakhala kuti timabowo tatsekeka ndi zoyerayera zouma zija zomwe madzi amasiya. Ichotseni, muiviike mu viniga usiku wonse, m'mawa muitsuke ndi mswachi wakale. Kudontha kwa pakhosiko kawirikawiri ndi kawasha ka labala komwe kali m'kati, kakaphwanyika kapena kuuma basi madzi amapeza njira. Ngati pulasitiki yake yang'aluka ndiye palibe zokambirana, gulani ina.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Pomasula, dzanja limodzi ligwire zolimba kapaipi kopindika kochokera m'khomako, linalo ndiye lizipotokola shawayo chakumanzere. Musalole kuti kapaipiko kazizungulira nawo. Ine kwanga kunabwera munthu wina wodzitcha katswiri, anapeza shawa yagwira dzimbiri, m'malo mothira timafuta n'kudikira pang'ono iye anangokoka ndi chisipanala chachikulu mwamphamvu zake zonse, kapaipi kanathyokera m'kati mwa khoma mazinga ake n'kutsalira momwemo. Mapeto ake tinagumula matailosi, madzi akuyenda m'khoma penti ya chipinda chinacho n'kufufuma, ndalama yomwe inapita pamenepo ikanagula mashawa ambirimbiri. Ndiye shawayo ikakana kumasuka musalimbane nayo, thirani mafuta omasulira dzimbiri ngati WD-40 kapena kulungani nsanza yonyowa ndi viniga, mubwerenso pakapita kanthawi. Ndipo sipanala musagwiritse pachitsulo chonyezimiracho mwachindunji, yambani mwakulunga kansanza, apo ayi mudzasiya zipsera zosachoka.

Madzi a nyumba yonse palibe chifukwa chotsekera, mpope wa shawayo ukakhala wotseka bwino zakwana.

Shawa yakaleyo ikachoka, palani tepi yakale yonse pamazinga a kapaipiko, kenako tsegulani madzi pang'ono kuti mchenga ndi dzimbiri za mupaipi zituluke zisanakatseke yatsopanoyo tsiku loyamba lomwe. Tepi yatsopano muikulunge katatu kapena kanayi kulowera chakumanja, mbali yomwe mumangira, chifukwa mukakulunga mobwerera imasomphoka pomwe mukumanga. Onani kuti kawasha kali m'malo mwake, mangani ndi dzanja mpaka igwire, tsegulani madzi muone. Ikamadonthabe onjezerani pang'ono pokha ndi sipanala. Ngati natiyo ndi yapulasitiki sipanala isayandikire n'komwe, imang'aluka osachedwa.

Pogula nyamulani yakaleyo mukafanizire. Zambiri mazinga ake ndi a 1/2 inchi koma kuona ndi maso kuli bwino kusiyana ndi kubwerera kawiri. Zotchipitsitsa zonyezimira ngati chitsulo koma zopepuka m'manja zija ndi pulasitiki yopaka, sizichedwa kusupuka, onjezeraniko pang'ono mutenge yomwe nati yake ndi yachitsulo ndipo timabowo take ndi talabala, timeneto mumangotikita ndi chala zoyera zija n'kuyoyoka.

Ndaonanso wina akukuuzani kuti mugule zikuluzikulu zija zogwetsa madzi ngati mvula. Zokongola inde, koma ngati madzi anu amachokera pathanki yomwe sinakwere kwambiri kapena amabwera mofooka, mudzangoimirira pansi pake sopo ali m'mutu madzi akudontha limodzilimodzi. Madzi ofooka amafuna kashawa kakang'ono.

Zonsezi ndikunena shawa wamba. Ngati yanu ndi ija yotenthetsa madzi pompo yokhala ndi mawaya pamwamba, imeneyo musaikhudze nokha, pafunika wodziwa zamagetsi athimitse pa main switch, alumikize waya wa earth bwinobwino, komanso madzi ayambe ayenda kudzaza m'kati asanayatse chifukwa elementi yake, kawaya kotenthetsa madziko, ikayaka youma imapsa nthawi yomweyo.