Achimwene, Mustang yanuyo musaigulitse ndi phuma

Achimwene, mwatiuza kuti muli ndi Ford Mustang GT ya 2006, galimoto yoyamba imene munagula ndi thukuta lanu mutakhazikika kuno ku Indiana, m'dziko la America. Tsopano alamu ndi oyembekezera, mukufunika galimoto ya zitseko zinayi, ndipo ogulitsa magalimoto akuti mubweretse Mustangyo musinthanitse ndi SUV, koma mtengo umene akutchulawo wakuwawani. Anzathu ena m'gulu muno akuti gulitsani basi, ena akuti ikwezeni sitima ipite kumudzi. Inu mwamaliza ndi kufunsa ngati n'chibwana kuti bambo wamkulu azisowa tulo chifukwa cha chitsulo.

Si chibwana ayi. Ine ntchito yanga ndi yokonza magalimoto, ndipo ndimawaona anthu akamabweretsa galimoto zawo pagalaja. Wa galimoto wamba amasiya makiyi patebulo n'kumapita. Wa V8 yake yoyamba, galimoto ya injini ya masilinda 8, sachoka msanga. Amaima pambali panga, amandiuza kumene anaigula, amandichenjeza za giya yachiwiri imene imafuna kulowetsedwa mofatsa kukazizira, ndipo ndikaliza injini amapendeketsa mutu kumvetsera ngati mawu ake ali bwinobwino. Injini ya masilinda 8 imayamba kumveka mumsana, kudzera mumpando, isanafike m'makutu, ndipo thupi siliiwala zimenezo. Kwa ife obwera pali chinanso chowonjezera. Galimoto ngati imeneyi ndi imene inkakudikirani panja mukamaweruka shifiti ya usiku kunja kukadali mdima, ndipo inali chinthu choyamba chachikulu m'dziko la eni chimene chinalembedwa dzina lanu. Ndiye mtima ukakana, umvereni kaye, usakuchititseni manyazi.

Malangizo anga ndi akuti muisunge, mugule galimoto ina yotsika mtengo yoyendera banja. Zinthu ziwiri zokha n'zimene zingandisinthe maganizo: dzimbiri lapansi ndi ngongole. Ndiyamba ndi dzimbiri chifukwa ndi limene limagamula mlanduwu.

Misewu yathu kuno amaithira mchere nyengo yonse yachisanu, ndipo galimoto imene yayenda mumcherewo zaka zambiri imatha kuwala pamwamba koma pansi itatha. Musakhutire ndi kugwada n'kusuzumira. Ipititseni pagalaja iliyonse imene ili ndi makina okwezera galimoto m'mwamba, lipirani kangachepe, mulowe pansi nokha muli ndi tochi ndi sikuludiraiva. Bayani mwamphamvu m'mbali mwamunsi mwa zitseko, mozungulira matayala akumbuyo, pamalo oikapo jeke, ndi pamene zitsulo zogwira matayala zalumikizana ndi thupi la galimoto. Chitsulo chabwino chimalira ngwee ndipo sikuludiraiva imabwerera. Chitsulo chakufa chimalira mogontha, chimagwetsa makoko ofiirira kumaso kwanu, ndipo nthawi zina chida chija chimangolowa. Tsatiraninso timapaipi ta mabuleki ndi ta petulo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Timeneto tikadyeka timasinthidwa pamtengo wopirira, koma thupi lenilenilo likabooka pamalo onyamula katundu, ndalama zowotcherera zikhoza kupitirira mtengo wa galimoto yonse.

Pali matenda ena a Mustang za zaka zimenezi amene asakuopseni. Boneti yake ndi ya aluminiyamu, ndipo penti imakonda kutukusira m'mphepete mwakutsogolo. Zimanyansa m'maso koma sizikhudza mphamvu ya galimoto. Chofunika kwambiri n'chakuti mukweze kapeti kumapazi a wokwera wakutsogolo, mukhudze ndi dzanja. Pansi pa galasi lakutsogolo pali timabowo totulutsira madzi a mvula timene timatsekeka ndi masamba, madziwo n'kulowera mkati mpaka kunyowetsa bokosi la mafyuzi limene lili cha kumapaziko. Mukapeza chinyezi, kapena ngati magetsi ndi mawindo zimachita zachilendo mvula ikagwa, gwero lake nthawi zambiri limakhala pamenepo, ndipo kutsegula timabowoto ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Injini yanuyo, ya malita 4.6 ndi horsepower 300, ndi yolimba ndithu ikamalandira oyilo panthawi yake. Chimene muyenera kusamala nacho ndi mapulagi. A chaka chimenecho anapangidwa a zidutswa ziwiri ndipo amakonda kuthyokera mkati pochotsa, choncho apatseni amakaniko amene ali ndi chida chake chozulira.

Chinthu chimodzi muchite lero lomwe, kaya mugulitsa kaya musunga. Mustang za 2005 mpaka 2014 zili m'gulu la magalimoto amene anaitanidwa chifukwa cha ma airbag (matumba a mpweya oteteza anthu pangozi) a kampani ya Takata, amene akakalamba amatha kuphulika n'kumwaza tizitsulo kwa anthu ali mkati. Mu 2024 a Ford anafika polengeza kuti galimoto zimene sizinakonzedwebe zisayendetsedwe n'komwe. Tengani nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17 ija imene ili pakona ya galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, muilembe pa tsamba la pa intaneti la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu. Ngati yanu sinakonzedwe, amakonza kwaulere. Alamu asakweremo musanatsimikize zimenezi.

Tsopano za ngongole ndi ndalama. Apa ndilankhula mosabisa chifukwa ndaona wina m'gulu muno akukulimbikitsani kuti galimotoyi idzakhala chuma mtsogolo. Musaisunge ndi chiyembekezo chimenecho. Zimene zimagulidwa ndalama zoopsa pamisika ndi galimoto zamphamvu zakale zija za m'nyengo imene inayamba ndi Pontiac GTO mu 1964 n'kuzilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene malamulo a utsi anakhwima, inshulansi inakwera, ndipo mafuta anasowa mu 1973. Pakati pa zimenezonso, zodula kwambiri ndi zimene zinapangidwa zochepa. Mu 2006 mokha a Ford anagulitsa Mustang zoposa 160,000 muno mu America. N'zoona kuti Dodge Challenger ndi Chevrolet Camaro anasiya kuzipanga chakumapeto kwa 2023, ndipo galimoto za V8 zoterezi zikuchepa, koma GT wamba imene yayenda mamailosi ambiri sidzalipira sukulu ya mwana wanu. Ubwino wake uli mbali inayi: mtengo wake unatsika kale pafupifupi mpaka pansi, ndiye simutaya zambiri poisunga chaka china, ndipo zimene akukupatsani posinthanitsazo sizingasinthe moyo wa banja lanu. Koma ngati muli ndi ngongole ya pakhadi imene ikubereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kapena mulibe kangachepe kapambali kokuthandizani alamu akadzapuma pantchito, pamenepo gulitsani ndithu, ndipo musadzione ngati mwalephera.

Nkhani ziwiri zodziwika bwino kuno zimandithandiza ndikamaganiza za funso lanu. Gail Wise anali mphunzitsi wazaka 22 ku Chicago pamene anagula Mustang ya denga lotsegula pa 15 April 1964, masiku awiri galimotoyi isanaonetsedwe kwa anthu ku New York. Iye ndi amene amadziwika kuti anali woyamba kugula Mustang. Atakwatiwa inakhala galimoto yabanja, ana n'kumakwera kumbuyo, mpaka inaima mu 1979. Mwamuna wake Tom anakana kuti itayidwe, ndipo inakhala m'galaja zaka 27 mpaka Tomyo atapuma pantchito n'kuikonza. Winayo ndi John Schnatter, amene anayambitsa kampani ya pitsa ya Papa John's. Iye anagulitsa Camaro Z28 yake ya 1971 pa madola 2,800 mu 1983 kuti apulumutse malo omwera a bambo ake ku Jeffersonville, konkuno ku Indiana, ndipo kuseri kwa malo omwewo n'kumene anayambira kuphika pitsa. Galimotoyo sanaiiwale. Anaifunafuna zaka zambiri, ndipo itapezeka mu 2009 analipira madola 250,000 kuti ibwerere kwa iye. Anthu amakonda kunena nkhaniyi ngati chenjezo lakuti osagulitsa, koma ine ndimaona kuti iye anagulitsa pachifukwa chomveka, banja lili pamoto. Inuyo mwa zimene mwalemba simuli pamoto. Mukungosowa mipando yakumbuyo yofikirika, ndipo vuto limenelo lili ndi njira yotsika mtengo kuposa kutaya galimoto imene mudzailira.

Pa mipandoyo alamu akunena zoona, ndipo musalimbane nawo. Mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo ndipo umadya malo ambiri. Mu Mustang umakankhira mpando wakutsogolo mpaka mawondo a wokwera kugunda dashibodi, ndipo kulowetsa mwana wogona kudzera pachitseko chachitalicho, mutapinda msana, pamalo oimika magalimoto othinana, chipale chikugwa, ndi chintchito chimene mayi amene wangochira kumene sayenera kuchita. Galimotoyi imakokanso ndi matayala akumbuyo, ndipo pamsewu woterera imafuna ulemu waukulu. Ndiye galimoto yabanja ikufunikadi mwana asanabadwe. Chimene ndikutsutsa n'chakuti ikhale SUV yatsopano ya ngongole ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Toyota Camry, Honda Accord kapena CR-V yogwiritsidwapo kale ntchito, yoyang'aniridwa bwino ndi makaniko musanalipire, idzanyamula mwana mofanana ndi yatsopano.

Mukamakambirana ndi alamu, musayambe ndi horsepower. Afotokozereni zimene mwatifotokozera ifezi, kuti galimotoyi inakuonani muli pati. Kenako bwerani ndi pepala. Lembani zimene idzadye pachaka ikakhala galimoto yachiwiri: inshulansi, msonkho wa nambala, oyilo, malo oisungira ngati mulibe galaja. Mugwirizane malire, akuti ndalama zokonzera zikadzapitirira apa, kapena ikadzatha chaka chathunthu osayenda, mudzaigulitsa popanda mkangano. Amayi ambiri amene ndawaona akudana ndi galimoto za amuna awo sadana ndi galimotoyo. Amatopa ndi ndalama zotuluka mobisa, ndi Loweruka lililonse limene bambo amathera pansi pa boneti mayi ali yekha ndi mwana. Mukatseka mabowo awiriwo, mwina alamu omwewo ndi amene adzakukumbutseni kuti kunja kwacha bwino, tiyeni tikazungulire.

Kusunga kwake kuli ndi mwambo wake. Chisanu chikamayandikira, itsukeni bwino makamaka kunsi, sinthani oyilo, dzazani thanki n'kuthiramo mankhwala osungira petulo, chifukwa petulo wa kuno ali ndi ethanol amene amakoka chinyezi akakhalitsa. Batire muilumikize ku kachaja kakang'ono koisunga yamoyo, ndipo matayala muwapope mowonjezera pang'ono. Adani akulu ndi mbewa. Ndinatsegulapo galimoto ina imene inagona m'galaja nyengo yachisanu, n'kupeza chisa cha thonje la mumpando pamwamba pa injini, makoko a mbewu za mbalame ali mbwee m'bokosi la fyuluta ya mpweya, mawaya a ma injector (tizida topopera petulo mu injini) atatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera. Tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi waya wotsukira mapoto, ikani misampha mozungulira, ndipo chakudya cha agalu kapena cha mbalame chisakhale m'galajamo. Musamailize mphindi zisanu n'kuzimitsa poganiza kuti mukuithandiza. Injini ikapanda kutentha mokwanira, madzi amatsalira mu oyilo ndi mu ekizozi. Ndi bwino kuisiya phee mpaka mchere utakokoloka m'misewu. Imbiraninso a inshulansi anu muwauze kuti yasanduka galimoto yoyenda mwa apo ndi apo, chifukwa mtengo umatha kutsika. Makampani a magalimoto osungidwa mwachikondi, monga Hagerty, amafuna kuti mukhale ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku komanso malo abwino oisungira, ndiye afunseni ngati yanu angailandire.

Zoitumiza kumudzi ndikukana. Chiwongolero chake chili kumanzere pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kupitirira thiraki pa M1 kungakhale kuika moyo pachiswe chifukwa simuona zimene zikubwera. Ndi yofupika kunsi, masipeya ake ngosowa, ndipo msonkho wa MRA umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, zonse ziwiri zikukutsutsani. Pamwamba pa izo inuyo mudzakhala kuno, iyo ikuyendetsedwa ndi ena kapena ikuola pansi pa mtengo wa mango.

Zikapezeka kuti pansi padyeka, kapena mwawerengera ndi alamu n'kuona kuti sizikutheka, musaipereke kwa osinthanitsa aja. Iwo adzaiona ngati nambala ndipo mwina idzathera kumsika wa okushoni. Igulitseni nokha, makamaka kumayambiriro kwa nyengo yotentha pamene anthu amafuna galimoto zoterezi, kwa munthu amene akufunsa mafunso oyenera. Muuzeni zoona zonse za dzimbirilo. Sungani nambala ya VIN ndi zithunzi zake, ndipo mumupemphe kuti akadzafuna kugulitsa adzayambe wakuimbirani inu.

Pakadali pano yambani ndi VIN ija madzulo ano. Mukaikweza m'mwamba, jambulani pamalo oikapo jeke mbali zonse ziwiri, mozungulira matayala akumbuyo ndi timapaipi ta mabuleki, muponye zithunzizo muno, ndidzakuuzani ngati ndi dzimbiri lapamwamba chabe kapena lalowa mkati.