Za gawo la Bart wa nkhondo lija, aonere koma mukhale nawo pompo

Asisi mwafunsa ngati ana anu a zaka 8 ndi 10 angaonere gawo la katuni ya The Simpsons lomwe Bart akutsogolera anzake ku nkhondo poti mwamva kuti muli zachiwawa. Ine ndaonera ndi anga kawiri konse ndiye ndiyankheko.

Gawolo ndi Bart the General, linatuluka pa kanema wa Fox ku America mu February 1990, lachisanu mu season yoyamba. Zimayamba ndi timakeke ta Lisa tomwe anaphikira aphunzitsi ake, mnzake wa Nelson Muntz, mnyamata wovutitsa anzake kusukulu, watilanda, Bart pofuna kuteteza mlongo wake wadziputira mavuto, tsiku ndi tsiku akaweruka akumenyedwa ndi Nelson mpaka kumuika mu bini nkumugubuduza. Kenako Bart akusonkhanitsa anzake kuti alimbane ndi Nelson, koma nkhondo yeniyeniyo zida zake ndi mabaluni odzaza madzi basi, ndipo ndi pomwe anga anaseka mpaka wamng'onoyo kugwa pa mpando.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi choti akuluakulufe timaona filimu ina mkati mwa yomweyo. Ana aja akuguba akuimba ngati asilikali a mu Full Metal Jacket ya 1987, kenako Bart akuwaza mbama mnzake yemwe wachita mantha, zimenezo anatengera mu Patton ya 1970, ndipotu General Patton weniweniyo anamenyadi asilikali ake mbama ku Sicily mu 1943. Agogo ake a Bart akumudzudzula pompo kuti msilikali ungamutumize kukafa koma kumuwaza mbama ayi. Mwana amangoseka kuti agogo akalipa, ine ndinakhala kaye duu chifukwa mawu amenewo ndi olemera, akunena za mmene akuluakulu a nkhondo amaonera moyo wa anyamata awo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zabwinobwino. Homer, bambo ake a Bart, amamuuza kuti asakanene kwa aphunzitsi komanso kuti pa ndewu amenye kumalo obisika, pamene Marge, mayi ake, akuti akambirane naye Nelson. Palinso pomwe Bart akuganizira maliro ake omwe, ali gone mu bokosi. Apa mpamene ndinaimitsa nkuwafunsa anga kuti wina atakuvutitsani kusukulu mungatani, wamkuluyo anazengereza kenako nkuulula kuti pali mnyamata wa Standard 6 amamulanda ndalama ya zitumbuwa pa buleki, ine osadziwa kanthu teremu yonse. Mawa lake ndinali pa ofesi ya ahedi.

Ndiye aonere asisi, wa zaka 10 alibe vuto, wa 8 yo mukhale naye pafupi remote ili m'manja. Kumapeto Nelson amasainitsidwa pangano la mtendere, Marge nkubweretsa timakeke onse akudyera limodzi, pamenepo muwafunse za kusukulu kwawo akadali osangalala.