Mpingo wathu ugule mbewu ya chimanga yopita nayo ku Dzaleka?

Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu watilembera imelo. Akuti asonkha ndalama zothandizira othawa kwawo a ku Dzaleka pa ulimi, ndipo akufunsa ngati agule mbewu ya chimanga ndi feteleza.

Mayi, musathamangire kusitolo. Vuto loyamba ku Dzaleka ndi malo. Msasawu, womwe uli ku Dowa, unatsegulidwa mu 1994 kuti muzikhala anthu pafupifupi 10,000, koma lero apitirira 50,000. Nyumba zagundana. Banja lopanda munda mukalipatsa mbewu ndi feteleza, mawa lake zili pamsika, ndipo simungalinene chifukwa ana ali ndi njala lero.

Yambani ndi ndiwo za m'matumba. Tengani thumba la makilogalamu 50, muimike chitini chopanda pansi pakati pake ndi kuchidzaza miyala ing'onoing'ono. Kuzungulira chitinicho thirani dothi losakaniza, ndowa ziwiri za dothi pa ndowa imodzi ya manyowa owola bwino. Muzikoka chitini n'kuthiranso miyala mpaka thumba lidzaze. Mzere wa miyalawo ndiye njira ya madzi. Mukaulumpha, mbande zam'munsi zimafota pamene zapamwamba zikumira. Boolani m'mbali motalikana chikhatho chimodzi, mubzale mpiru kapena repu, pamwamba anyezi. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Thumba la pulasitiki limang'ambika ndi dzuwa pakatha miyezi ingapo, choncho muikiretu ndalama ya matumba ena.

Kumbukiraninso kuti Dowa si Mzuzu. Kuno mawawa amatipeza mpaka m'nyengo yozizira, koma kumeneko mvula ikaleka mu Epulo yapita, ndipo madzi ndi a pamzere. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo athiridwe m'matumbamo.

Afunseni othawa kwawowo zomwe amadya. A ku Congo, Burundi ndi Rwanda amakonda chigwada, chimene amati sombe, komanso bonongwe, yemwe amamutcha lengalenga. Mukaganiza zowatengera mitengo ya chinangwa ya ku Nkhata Bay, mlangizi aione kaye; ya masamba opiringizika achikasu ili ndi matenda, musaisamutse.

Ngati mtima wanu uli pa chimanga, munda uyenera kubwerekedwa kwa anthu a m'midzi yozungulira. Pangano lilembedwe pamaso pa nyakwawa, ndipo eni mudzi alowe m'gulu lothandizidwalo. Kuthandiza alendo okha, oyandikana nawo akungoyang'ana, kumabala nsanje, ndipo mbuzi zimayamba kulowa m'munda. Pa ekala pamafunika mbewu yokwana makilogalamu 10: mizere italikane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Feteleza mumuchulukitse popanga manyowa a Mbeya: makilogalamu 20 a gaga, 20 a ndowe zouma zopunthidwa, 10 a phulusa, 10 a feteleza, ndi malita 5 a madzi. Mangani m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, likhale pamthunzi masiku 21. Mpweya ukalowa sapsa. Zipangizo zifike mu Okutobala, osati mvula itagwa kale.

Musanapite ndi katundu, lemberani oyang'anira msasa, mulumikizanenso ndi mpingo wa konko kuti upeze munthu woyendera matumbawo sabata iliyonse. Inu kuchokera kuno simungakwanitse.