Akungokamba za mpira ndi mpunga wosapsa

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna awo ndi dokotala wa asilikali, ali ku DRC, koma pa WhatsApp nkhani ndi mpira, mpunga wosapsa ndi mnzawo woliza nkonono basi, ndiye akufunsa ngati pali chomwe akubisidwa.

Mayi, mwandikumbutsa bambo anga. Anagwira ntchito ku fiyeta ya kuchipatala zaka zambirimbiri, akafika panyumba funso linali loti nkhuku zalowa zonse? Ine zinkandinyansa heavy, munthu wakhalira kusoka anthu a ngozi tsiku lonse nkumafunsa za nkhuku, mpaka mayi anga ankati alekeni adye kaye. Nkhukuzo anazipatsa mayina, ina inali ya mwendo umodzi, yaukali kuposa galu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kunali dokotala wa ku Canada, John McCrae, amene mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ankathandiza ovulala ku Ypres, dziko la Belgium, nthawi yomwe anthu a ku Germany anayamba kuponya utsi wa poizoni. Masiku 17 akugwira ntchito pansi pa mabomba, mnzake wapamtima anafera pompo ndipo mwambo wa maliro anachititsa yekha. Munthu yemweyo akamalembera ana a abale ake ankalemba ngati kuti kalatayo yachokera kwa hatchi yake Bonfire, pansi nkujambula phazi la hatchi ngati siginecha! Analinso ndi galu, Bonneau, womutsatira paliponse. Zoopsa zenizenizo ankalemberako mayi ake. Aliyense ankalandira kalata yake yake, ndipo nthawi imeneyo makalata a asilikali ankayamba awerengedwa ndi akuluakulu asanatumizidwe, sumangolemba zilizonse.

Ndiye ine anthu omati chikondi nkuuzana chilichonse sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, ambiri olankhula zimenezi sanagwirepo magazi a munthu. Za nkononozo ndi moyo weniweni wa amuna anu ndi anzawo ku DRC, amadya limodzi, amasekana, mawa mmodzi amabwera pa machira. McCrae anamwalira ndi chibayo mu January 1918 ku France, nkhondo isanathe.

Nde mutani?

Ayankheni za mpirazo, muwafunse kuti woliza nkonono uja ali bwanji. Muwauze kamodzi kokha kuti akafuna kukamba zolemera inu mulipo. Koma akabwerako nkumalephera kugona, kudzidzimuka usiku kapena kumwa mowa mopitirira, pamenepo musadikire, apite akaonane ndi a uphungu.