Mabuku alipo koma ana sakulowa mu laibulale: yankho kwa aphunzitsi a ku Ngabu

Mphunzitsi wina wa pa CDSS ina kufupi ndi Ngabu wanditumizira imelo. Akuti ahedi anamupatsa makiyi a laibulale, ndipo mabuku alimo ndithu, ena a boma, ena ochokera kwa akufuna kwabwino. Koma ana amalowamo pokhapokha mayeso a MANEB akayandikira. Mphunzitsiyu anamata mapepala m'makoma, analengeza pa asembule, koma kuli zii. Funso lake ndi lakuti: ndiitsatse bwanji laibulaleyi kuti ana ayambe kuwerenga?

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lomwe mwina silikukomerani. Kodi chitsekocho chimatsegulidwa nthawi yanji? M'sukulu zambiri, mwini makiyi amakhala ali m'kalasi m'mawa wonse, ndiye amatsegula ana akaweruka. Tsono taganizani za Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa, pamene kutentha kumapyola madigiri 40. Chipinda cha malata chopanda siling'i, mawindo otseka poopa akuba, chimakhala ngati uvuni wa njerwa. Mwana sanadye chichokereni kunyumba, ndipo ali ndi mtunda woti ayende. Ngakhale chikwangwani chanu chikongole bwanji, salowa.

Choncho mabukuwo ndiwo atuluke. Pa bureki, mapulifekiti awiri anyamule katoni ndi mphasa n'kukayala pansi pa mtengo wa nimu, pomwe ana amakhala kale pothawa dzuwa. Musawaitane, musawandandike pamzere. Mabuku angogonekedwa chikuto chikuoneka. Mudzaona kamtsikana ka Fomu 1 kakutola limodzi, kakutembenuza masamba kufuna zithunzi, anzake atatu atakaunjirira pamapewa. Kutsatsa kwenikweni ndi kumeneko.

Ndikudziwa chomwe chikukugwirani mtima: mabuku asowa, ndipo adzafunsidwe ndinu. Manthawo si achabe. Madzi a mu 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anaononga mabuku ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Amene anaonapo mulu wa mabuku utamatana ndi matope safuna kutayanso ngakhale limodzi. Komabe kumbukirani kuti buku lotsekeredwa nalonso limatha, chiswe ndi njenjete sizipempha makiyi. Mashelefu akhale m'mwamba, dzinja likafika mabuku ofunika alowe m'ndowa zapulasitiki zovundikira, koma kubwereketsa kusaime. Kambiranani ndi ahedi komanso a PTA chaka chisanayambe kuti mabuku ochepa akasowa nkhani yake idzatha bwanji. Chindapusa chikakula, makolo eni ake amauza mwana kuti asadzabwerenso ndi buku la sukulu pakhomo.

Kubwereka kopita nalo kunyumba n'kofunika kwambiri kwa atsikana. Iwo akaweruka amathamangira kumjigo ndi kumoto, sangatsalire pasukulu. A Mother Group angakuthandizeni kulankhula ndi makolo pa zimenezi.

Za pa asembule, kulengeza kuti "laibulale ndi yotsegula" sikukoka munthu. Sankhani nkhani yokoma, mupatse mwana wa Fomu 3 wodziwa kusintha mawu, aiwerenge mphindi zisanu, ndipo ailekezere pomwe yafika pokoma. Anene kuti yotsalayo ili m'katoni pa bureki, basi. Akhale mwana mnzawo, osati inu. Mphunzitsi akayamikira buku, ana amaganiza kuti likubwera pamayeso.

Tsopano tione zomwe zili m'katonimo. Mabuku ambiri a chithandizo analembedwera ana a kunja ngati a ku London, nkhani zake za chipale ndi masitima a pansi pa nthaka. Mwana wathu kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha, ndiye mukamuyambitsa ndi buku lonenepa la kunja amangoti kuwerenga si kwake. Ikani patsogolo nkhani za m'Chichewa, za Chingerezi chofewa, ndi nyuzipepala ngakhale zakale. Masamba a Tamvani ndi Tikambe amawerengeka, ndipo tsamba la mpira anyamata amalanda, wina wa Maule wina wa Manoma. Musanyoze zimenezo ayi, mwana ameneyo akuwerenga.

Chomwe ndimachikonda koposa ndi mabuku olemba ana eni. Atumeni akafunse agogo nthano, mbiri ya Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi, za asodzi ndi ng'ona za mu Shire, za moyo wodula nzimbe ku Nchalo, kapena mmene banja lawo linapulumukira madzi. Alembe mwaukhondo, musoke mapepalawo pamodzi, chikuto cha katoni, dzina la wolemba ndi mudzi wake pamwamba. Wofuna kulemba m'Chisena mulekeni alembe. Mwana adzabwera kudzaona dzina lake, atenganso mnzake kuti amuonetse, ndipo poti wafika kale, atola ndi lina.

Mipikisano ya mphoto ine sindiikhulupirira kwenikweni. Amapambana ndi omwe ankawerenga kale, enawo amangoombera m'manja. Ndipo chonde laibulale isakhale kotumiza ana olongolola kapena ochedwa kuti akasese ngati chilango.

Pa nkhani yoonjezera mabuku, ahedi alembere a National Library Service, omwe amathandiza malaibulale a m'sukulu, ndipo m'kalatamo mutchule kuti mukufuna a Chichewa ndi nkhani zosavuta. Timabuku ta ana tija tikachuluka, kagogodeni ku wailesi za m'dera ngati Gaka ku Bangula kapena Nyanthepa ku Nsanje, mupemphe ngati ana angakawerengeko nkhani zawo. Kope lolembamo obwereka likhale ndi mapulifekiti, inu muzingoliona Lachisanu kuti mudziwe mabuku omwe akuyenda ndi omwe sakutoledwa, kuti sabata yotsatira musinthe za m'katoni.